Funsani Azakhali: Madzi afika m'khosi, tulo sindikupeza

Mwezi uno makalata amene ndalandira ambiri ndi okhudza maganizo, nde ndasankhapo asanu. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse, ndangosiya dera basi.

Azakhali, ine ndine bambo wa zaka 41, ana ndili nawo anayi, ndimachita geni ya masipeya a njinga zamoto. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 zinthu sizinabwererenso m'chimake, ndinatenga ndalama kubanki m'khonde kudzera mwa mayi akunyumba, kenako ndinakatenga katapila kuti nditseke ya banki m'khonde ija, pano zonse zandiunjikira. Ndimagona mwina maola awiri, 2 koloko usiku ndadzuka kale ndikungoyang'ana malata mpaka kucha, nsima ndimangoigwira pang'ono, ana akandiyankhula ndimawakalipira popanda chifukwa. Yatha miyezi inayi. Masiku ena ndimaganiza kuti bola nditangochoka padziko pano anthu apume. Akazi anga sakudziwa chilichonse. Kodi ndayamba kupenga? — Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

Achimwene, simukupenga ayi. Zimene mwalembazi ndi matenda, achipatala amawatcha dipuleshoni, ife timangoti matenda a maganizo kapena kukhumudwa kosatherapo, ndipo munthu akakhala masabata awiri kapena kupitirira ali wosakondwa tsiku ndi tsiku, chakudya osachifuna, tulo osabwera, zimene zinkamusangalatsa osazilabadiranso, timayamba kale kukayikira matendawa. Inu mwatha miyezi inayi.

Koma ndiyambe ndi mawu aja mwawaika kumapeto ngati ang'onoang'ono, oti bola mutachoka. Amenewo ndi amene andidzidzimutsa. Ndikukupemphani kuti lero lomwe, lisanalowe dzuwa, muuze munthu mmodzi, akhale mkazi wanu, mchimwene wanu, mnzanu wa kumpingo kaya kumzikiti, aliyense amene mumamukhulupirira, ndipo mumuuze mmene mwandiuzira inemu osazungulira. Ngati m'nyumbamo muli mankhwala a mbewu, a makoswe, kapena mapilitsi ambirimbiri otsala, mupatseni munthuyo akasunge kwina. Maganizo ofuna kudzipha amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kenako amaphwa, makamaka usiku uja muli maso nokha, nde chimene chimapulumutsa anthu ambiri ndi choti pa ola loipalo panalibe chinthu choopsa pafupi ndipo panali munthu woti amudzutse. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti odzipha ambiri m'dziko muno ndi abambo, ndipo ngongole ndi nkhani za m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Ine ndimaona kuti mawu aja tinakula nawo oti mwamuna salira atiphera abambo ambiri zedi, munthu amafera mkati kunja akuseka ndi anzake pa bawo.

Mawa m'mawa tengani buku lanu la kuchipatala mupite. Musachite kudikira kuti mupeze thiransipoti ya ku Zomba, zipatala za boma za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena makilinishani ophunzira za matenda a maganizo ndipo thandizo la boma ndi laulere. Poti muli ku Lilongwe kulinso a St John of God ku Area 43 amene ntchito yawo ndi imeneyi, uphungu ndi mankhwala omwe. Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, mukakalowa kwa adokotala musakangoti mutu ukundipweteka, thupi likuphwanya, chifukwa akakuyezani malungo, akupatsani panado mubwerere mmene munapitira. Mzere umakhala wautali, adokotala ali ndi mphindi zochepa, nde inu kanenereni poyera kuti sindikugona miyezi inayi, ndikuganiza kwambiri, ndipo ndimaganiza zodzipha. Mawu amenewo akangowamva nkhani imasintha.

Mwina akakupatsani mankhwala, ofala kuno ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Sagwira ngati panado, pamatenga masabata awiri mpaka anayi, pena kuposera, kuti muyambe kumva kupepuka, ndipo mukapeza bwino simusiya pompo, amamwedwa miyezi ingapo mpaka adokotala atakuuzani okha. Akakupatsani amitriptyline apatseni mayi akunyumba azisunga ndi kukupatsani a tsikulo, chifukwa ndi oopsa munthu akamwa ambiri nthawi imodzi.

Tsono za ngongolezo. Mankhwala sabweza katapila, zimenezo tonse tikudziwa, koma mutu ukapuma mudzatha kuyang'ana ngongoleyo ngati nambala osati ngati chilombo. Ku Zimbabwe dokotala wina dzina lake Dixon Chibanda anayambitsa njira yotchedwa Friendship Bench, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kuchipatala n'kumamvetsera anthu amene akudwala kuganiza kwambiri, Ashona amati kufungisisa, ndipo chimene amachita n'chosavuta kumva: kutchula mavuto onse, kusankhapo limodzi loti n'kuligwira sabata ino, n'kupangana chochita. Inunso khalani pansi ndi mkazi wanu, lembani papepala aliyense amene akukufunani ndi ndalama zake, muyambe ndi a banki m'khonde mukawapemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono. Inde adzakwiya mayiwo, mwina adzalira, koma ndalama ija inatengedwa m'dzina lawo ndipo kuli bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva gulu litabwera kudzanyamula mipando. Wa katapilayo akayamba kukuopsezani pitani kupolisi, komanso a Legal Aid Bureau alipo othandiza anthu amene sangakwanitse loya. Mundilemberenso sabata ya mawa, ndikufuna ndimve kuti mwapita.

Azakhali, mchimwene wanga wa zaka 24 anayamba kusuta chamba ali fomu 3. Chaka chino wasintha, amayankhula yekha, akuti wailesi ikunena za iyeyo, akuti mayi athu akumuthirira poizoni m'ndiwo, usiku sagona amangoyendayenda. Tapita naye kwa asing'anga awiri, wina akuti anamulodza ndi amalume chifukwa cha munda, kumapemphero akuti ndi ziwanda. Pano bambo amumanga ndi unyolo pamtengo wa mango kuti asathawe. Ine ndikufuna kuchipatala koma akuluakulu akuti ku Zomba munthu akalowa sabwerako ali bwino. Ndipange bwanji? — Mlongo wake, Ntcheu

Mwana wanga, iwe ndi amene ukuona bwino pa banja lonselo, limba mtima.

Kumva mawu amene ena sakuwamva, kukhulupirira kuti anthu akukupangira chiwembu, kuona ngati wailesi ikunena za iwe, zimenezi ndi zizindikiro za matenda a ubongo amene anthu amangowaphatikiza onse n'kumati misala. Chamba chimatha kuwayambitsa kapena kuwakolezera, makamaka munthu akayamba kusuta ali wamng'ono ngati mlongo wakoyu, koma alipo ena amene amadwala chonchi osasutapo n'kamodzi komwe, nde tisathamangire kumuweruza kuti wadzichititsa yekha. Chofunika kudziwa n'choti matendawa ali ndi mankhwala ndipo amene wayamba msanga kulandira thandizo amachira bwino kuposa amene wakhala zaka akuzungulira naye.

Unyolowo achotse. Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa ndinaonapo mnyamata wina atabwera naye pa ngolo, miyendo itatupa, pa akakolo pali zilonda zonunkha chifukwa cha waya amene anamumangira miyezi iwiri, maso ali pansi osayankha olo dzina lake. Abale ake sanali anthu oipa, anali atatopa ndi mantha basi. Patapita miyezi ingapo mnyamata yemweyo ankabwera yekha pa njinga tsiku la kiliniki, buku lake la kuchipatala atalikulunga bwinobwino mu jumbo ya shuga kuti lisanyowe, n'kumafunsa ngati jakisoni wake wafika chifukwa akufuna abwerere msanga kudimba. Zipsera za waya zija zokha ndi zimene sizinachoke.

Za ku Zomba anthu amaopa chifukwa cha mbiri yakale, kalekale nthawi ya atsamunda odwala misala ankasungidwa kundende ya Zomba, chipatala chenichenicho chinadzabwera m'ma 1950, nde mantha aja anatsalira m'mitu mwathu mpaka lero. Koma choyamba, sikuti aliyense amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Muyambira pa chipatala cha boma cha Ntcheu pompo, akamuona, ambiri amapatsidwa mankhwala n'kumamwera kunyumba, amene wavuta kwambiri ndi amene amamutumiza ku Zomba kwa masabata angapo kenako amabwerera kwawo kumakalandirira mankhwala pafupi. Amene ali kumpoto amathandizidwanso ku St John of God ku Mzuzu, a ku Blantyre kuli kiliniki ya matenda amenewa ku Queens.

Popita naye musamunamize kuti tikupita kumsika, ndiponso musalimbane naye kuti zimene akumvazo ndi zabodza chifukwa kwa iyeyo ndi zenizeni. Muuzeni kuti taona sukugona, watopa, tiye akakuthandize ugone. Apite naye anthu awiri atatu amene amawamvera. Ngati akuopseza ndi chikwanje kapena mpeni pemphani thandizo kwa amfumu ndi apolisi akuperekezeni, osati kumumenya.

Mankhwala ake monga haloperidol kapena chlorpromazine pena amaumitsa khosi, manja kunjenjemera, malovu kutuluka, munthu kuyenda ngati loboti, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amasiyira n'kumati mwaona achipatala amuwonongeratu. Musasiye, bwererani mukanene, amachepetsa mlingo kapena kuwonjezera kam'bulu kena kothetsa zimenezo. Akamavuta kumwa mapilitsi tsiku ndi tsiku ulipo jakisoni wobaya kamodzi pa mwezi. Kupemphera pempherani ndithu, ine ndemwe ndimapemphera, koma m'busa amene angakuuzeni kuti tayani mankhwala ameneyo musamumvere. Ndipo nkhani yoloza chala amalume ithe, tawaona agogo ndi amalume osalakwa akuwotcheredwa nyumba chifukwa cha mawu a sing'anga pomwe mwanayo akungofunika chipatala.

Lilipo bungwe la anthu amene anadwalapo matendawa pamodzi ndi owasamalira, limatchedwa MeHUCA, ukafunse anamwino ngati kufupi ndi kwanu kuli gulu lawo. Iwenso ukufunika anthu okumvetsa, kusamala wodwala chonchi kumatopetsa.

Ndionjezere kwa ena amene akuwerenga: munthu akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, tsiku limodzi kapena awiri, thupi likutentha, khosi louma kapena akukomoka, amenewo akhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, thamangani naye kuchipatala ola lomwelo.

Azakhali, ndinachira mwana wanga woyamba miyezi iwiri yapitayo. Aliyense akusangalala koma ine ndimangolira, mwana akamalira ndimafuna kuthawa, pena ndimamuyang'ana osamva chilichonse mumtima. Apongozi akuti ndi ulesi wa atsikana a masiku ano. Ndikuchita manyazi, kodi ndine mayi woipa? — Mayi wachitsikana, Ndirande

Ayi mwanawe, mayi woipa sakanalemba kalata ngati iyi. Masiku oyambirira munthu akangochira kulira kosadziwika bwino kumachitika kwa amayi ambiri ndipo kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Koma zikapitirira mpaka miyezi iwiri ngati zakozi ndi matenda a maganizo obwera pambuyo pa uchembere, ndipo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati m'mayiko ngati athu ano pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amakumana nazo. Tangoganiza pa mzere wa kusikelo paja, amayi 50 atakhala pa benchi ana kumsana, ngati 10 mwa iwo akumva ngati iweyo koma aliyense wangoti duu kuopa kunenedwa.

Usadikire tsiku la sikelo ngati lili kutali, pita ukauze namwino kuti chichirireni sindikupeza mtendere, ndimangolira. Alipo mankhwala amene mayi woyamwitsa amamwa bwinobwino, ndipo ena amachira ndi uphungu wokha. Kusamva chikondi pa mwana ndi mbali ya matendawo, chimabwera chikondicho ukayamba kupeza bwino, pakadali pano ingopitiriza kumuyamwitsa, kumusambitsa, kumufukata. Chimene ukusowa kwambiri ndi tulo. Makolo athu ankadziwa chimene ankachita posunga mayi m'chikuta, ena akumuphikira ndi kumutungira madzi, pano m'tauni mtsikana amatuluka ku Queens lero mawa ali pa mpopi ndi ndowa. Bambo a mwanayo awerenge yankho ili, atenge mwana maola angapo iwe ugone, ndipo akhale iwowo okayankhula ndi mayi awo, si ntchito yako kulimbana ndi apongozi uli chonchi. Ngati kunyumbako kulinso nkhanza imba 5600, ndi nambala yaulere ya a YONECO, kapena pita ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa.

Koma ukayamba kuganiza zodzivulaza kapena kuvulaza mwana, kapena kumva mawu, kapena kukhala masiku osagona n'komwe, uza munthu nthawi yomweyo akuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo usatsale wekha ndi mwana mpaka akuone adokotala.

Azakhali, ine ndinapulumuka pa namondwe wa Freddy ku Chilobwe, koma anzanga oyandikana nawo nyumba anapita ndi matope. Mpaka pano kukangochita mdima wa mvula mtima umathamanga, thukuta, mpweya kubanika ngati ndikufa. Ndapita kuchipatala katatu akuti BP ili bwino, mtima uli bwino. Usiku ndimalota phiri likubwera. Anthu akuti ndiiwale, zinapita. — Bambo wa ku Chilobwe

Pepani bambo, pepani kwambiri. Amene sanamve mkokomo wa miyala ija ikutsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023 savutika kunena kuti iwalani. Thupi lanu linaphunzira usiku umenewo kuti mvula ndi imfa, nde likangoona mitambo limaliza belu lokha musanaganize n'komwe, mtima kugunda, thukuta, kubanika. Achipatala sanakunamizeni kuti mtima uli bwino, ndipo inunso simukunama kuti mukuvutika, zonse ziwiri ndi zoona. Mantha obwera mwadzidzidzi chonchi amafika pachimake mkati mwa mphindi ngati 10 kenako amayamba kutsika okha, ndipo saapha ngakhale amamveka ngati imfa.

Zikayamba khalani pansi, mapazi agunde pansi, kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono, potulutsa muzichedwa kuposa pokoka ngati mukuuzira phala la mwana, ndipo muzitchula zinthu zimene mukuziona pamalopo, chitseko, mpando, ndowa, kuti mutu ubwerere lero uchoke ku usiku uja. Izi n'zongokuthandizani pa nthawiyo. Maloto obwerezabwereza ndi mantha okhala zaka chonchi amafuna mphungu wophunzira, nde ulendo wachinayi mukapita kuchipatala musakayambe ndi za mtima, kayambeni ndi za Freddy, mupemphe akutumizeni ku kiliniki ya maganizo ku Queens. Musazolowere mapilitsi ogonetsa ogula pa kauntala kapena kapu ya kachasu kuti mugone, zimenezo zimangowonjezera vuto lachiwiri pa loyamba.

Chinanso chimene simunalembe koma ndikuchimva m'kalata yanu ndi funso loti bwanji ine ndinatsala anzanga n'kupita. Opulumuka ambiri amalisenza funso limeneli mwakachetechete. Simunalakwe kukhala moyo bambo. M'dera lanulo muli ena ambiri amene mvula ikamagwa sagona, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu chimodzimodzi, mutapeza awiri atatu n'kumakhala pansi kukambirana mudzaona kuti mawu amene mukusowa wina ali nawo.

Azakhali, amuna anga amamwa tsiku lililonse zaka 9 tsopano, m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawa kaye. Alonjeza kuti kuyambira pa 1 asiyiratu kamodzin'kamodzi. Ndiwathandize bwanji? — Mayi wa ku Mzuzu

Mayi, nkhani yabwino ndi yoti afuna okha, koma asasiye mwadzidzidzi ali kunyumba. Munthu amene wafika ponjenjemera m'mawa thupi lake linazolowera mowa, akaudula kamodzi akhoza kukomoka ngati wa khunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, kuona tizilombo pakhoma, thukuta kamukamu, zimenezi zimatha kupha. Kuchipatala amapereka mankhwala otsitsa thupi pang'onopang'ono kwa masiku angapo komanso mavitamini oteteza ubongo. Muli ndi mwayi kuti muli ku Mzuzu, a St John of God kumeneko ali ndi pologalamu yothandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso ku Mzuzu Central mukhoza kuyambira. Ngati mukufuna kufunsa kaye pa foni imbani 6600 ya a YONECO yokhudza mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kapena 929 ya Chipatala cha pa Foni, zonse ndi zaulere.

Akadzaterereka n'kumwanso pakatha mwezi musadzati basi zakanika, ambiri amagwa kangapo asanaime, mudzangobwerera nawo kwa aphungu. Ndalama za pakhomo muzisunga ndinu kwa miyezi yoyambayi, mugwirizane zimenezi pano ali bwinobwino. Ndipo pa 1 pamene anenapo musadikire kuti pafike, pitani nawo sabata ino akawaone kaye adokotala, tsiku losiyira mukapangane komweko.